Mafunso ndi mayankho: amisiri a maboti, sitima za pa Nyanja ya Malawi ndi marigi a ku Kariba

Mu Harare mulibe doko, koma nkhani ya maboti siichoka pakamwa pa anthu akwathu. Wina ali ku Mufakose, akutumiza ndalama ku Makanjira kuti amalume ake amukhometsere boti la usipa. Wina amawotcherera zitsulo ku Magaba, ku Mbare, ndipo wapatsidwa ntchito ya matanki a rigi, chombo chophera matemba, yopita ku Kariba. Wina anangomva agogo akutchula Ilala ndi Vipya ndipo akufuna kudziwa kuti sitima zazikulu chotero zinafika bwanji pa nyanja yopanda njira yochokera kunyanja yamchere. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri.

Kodi luso lokhoma maboti a matabwa linayamba liti kwathu?

Bwato wosema ndiye wakale kuposa zonse, ndipo mpaka lero ndi umene wachuluka m'magombe. Koma kusema ndi kukhoma ndi ntchito ziwiri zosiyana. Wosema amachotsa mtengo mpaka patsale bwato. Wokhoma amalumikiza zidutswa zambiri kuti zikhale chinthu chimodzi chosalowa madzi.

Luso lachiwirili linakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, pamene Jumbe Salim bin Abdallah anayamba kumangitsa zombo za matanga zowolokera kutsidya la kum'mawa. Katundu wa zombozo anali minyanga ya njovu ndi anthu ogwidwa ukapolo, ndipo mbiri imeneyo ndi yowawa. Kamangidwe kake, ka msana, nthiti, matabwa ndi thonje lotsekera m'mipata, kanatsala m'manja mwa anthu a m'mbali mwa nyanja.

Kenako kunabwera amishoni ndi sitima zachitsulo. Sitimazo zinkafuna akalipentala, osula ndi okonza injini, choncho malo ngati Likoma, Malindi ndi Livingstonia anaphunzitsa anyamata ambiri. Pambuyo pake boma linakhazikitsa malo okhomera maboti ku Mpwepwe, m'boma la Mangochi. Mmisiri akaphunzira kumalo otere amabwerera kumudzi ndi sowo, pulena ndi tchizulo, n'kuyamba kukhoma pansi pa mtengo wa mango, ana ndi adzukulu akumugwirira matabwa. Mabanja ambiri okhoma maboti anayamba motero.

N'zoona kuti Ilala inamangidwa ku Monkey Bay?

Inamangidwa kawiri. Koyamba ku Scotland, pa kampani ya Yarrow ku Scotstoun, mumzinda wa Glasgow, m'chaka cha 1949. Atatha kuona kuti zonse zikugwirizana anaiphwasula, zidutswa n'kubwera pa sitima yapanyanja mpaka ku Beira, kenako pa njanji mpaka ku Chipoka. Kumanga kwachiwiri kunachitika pa nyanja yathu, ndipo inayamba kuyenda mu 1951. Kutalika kwake ndi mamita 52. Ulendo wake wozolowereka ndi wochoka ku Monkey Bay kukafika ku Chilumba, kudzera ku Likoma, Chizumulu ndi Nkhata Bay.

Imeneyi ndi Ilala yachiwiri. Yoyamba inali yaing'ono, ya mamita pafupifupi 15, ndipo inabwera ndi amishoni a Livingstonia motsogozedwa ndi E. D. Young. Inakwera Zambezi ndi Shire, koma pa mathithi a Shire sitima siingadutse. Anaiphwasula, anthu mazanamazana n'kusenza zidutswazo pamutu kulambalala mathithiwo, n'kukaimanganso kumtunda. Inalowa m'nyanja pa 12 Okutobala 1875. Nthawi imeneyo njanji kunalibe. Mlatho wa pa Zambezi ndi njanji yofika kunyanja zinatha mu 1935, ndipo n'chifukwa chake Ilala yachiwiri siinasenzedwe pamutu.

Nanga Chauncy Maples inatengeranji zaka ziwiri kuti ilumikizidwe?

Sitimayi inapangidwa ku Glasgow ndi kampani ya Alley & McLellan mu 1899, ya amishoni a Anglican a UMCA, ndipo inatchedwa dzina la bishopu amene anamira m'nyanjayi mu 1895. Inatumizidwa m'mitolo 3,481. Chidutswa chilichonse chinalembedwa nambala kuti omanga adziwe pokhala pake, koma zitsulozo zinaviikidwa mu zinki wosungunula, woteteza ku dzimbiri, nambala zitalembedwa kale, ndipo nambalazo zinakwiririka. Amisiri anachita kuyesa chidutswa ndi chidutswa. Inalowa m'madzi pa 6 Juni 1901. Thanki yake yowiritsira madzi, yolemera matani 11, inakokedwa pamtunda ndi amuna 450 Achingoni.

Aliyense wopanga chombo mu Harare choti chikalumikizidwe ku Kariba aiganizire nkhaniyi. Nambala zikhomedwe ndi chitsulo kapena zilembedwe ndi ndodo yowotcherera, osati choko kapena penti, ndipo pakhale pepala losonyeza kuti chidutswa chiti chikumana ndi chiti.

Agogo amatchula Vipya ndi chisoni. Chinachitika n'chiyani?

Vipya inamira pa 30 Julayi 1946 kufupi ndi Florence Bay, kumene lero timati Chitimba, ikuchokera ku Mbamba Bay. Anthu 145 anafa. Inali itangoyamba kumene ntchito, ndipo Julayi ndi pakatikati pa nyengo ya mwera. Odziwa za zombo akhala akunena kuti inali yolemera kumwamba. Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 550, ndipo mwera ukaomba motsata utali wonsewo mafunde amakula, amabwera mothithikana, osapatsa chombo mpata wodzuka chikapendekeka. Zimenezi zimakhudza ngakhale boti la mamita 7: katundu wolemera akhale pansi ndi pakati, anthu asaimirire, ndipo denga lililonse lowonjezera pamwamba limachepetsa mphamvu ya boti yodziwongola.

Kodi banja lokhoma maboti limagwira bwanji ntchito popanda mapulani olembedwa?

Mapulani alipo, koma ndi a matabwa. Banja lililonse limasunga zikombole, timatabwa topyapyala tosemedwa motsata kupindika kwa nthiti ya pakati, ya kutsogolo ndi ya kumbuyo. Zikombole zitatu kapena zisanu zimakwana. Mmisiri akaziimika pa msana amakhoma timitengo titalititali topindika kuchokera kumphuno mpaka kumbuyo, ndipo timitengoto ndi timene timamuuza maonekedwe a nthiti zotsalazo. Diso limamaliza. N'chifukwa chake asodzi amatha kuloza boti lili patali n'kunena kuti lakhomedwa ndi banja lakuti: kadzukidwe ka mphuno ndi kufutukuka kwa mimba sikufanana.

Mwana amayamba ndi kuwongola misomali ndi kupota thonje. Akakula pang'ono amagwira chitsulo cholemera kuseri kwa thabwa pamene bambo akukhoma, ndipo pamenepo amaphunzira kumva ndi khutu ngati msomali walowa m'nthiti kapena waphonya. Pulena amapatsidwa mochedwa. Chomaliza kupatsidwa ndi thabwa loyamba logundana ndi msana, chifukwa limapindika komanso kupotoka nthawi imodzi, ndipo likalakwika boti lonse limadontha moyo wake wonse.

Mabanja otere amagwa pa zifukwa zodziwika. Mitengo yabwino yasowa. Ndalama ya boti la uyu imagulira matabwa a boti la uja, mpaka ngongole imaposa ntchito. Ndipo mwini akamwalira, zipangizo zimagawidwa ngati chuma chamasiye, wina sowo, wina makalampu, zikombole n'kusonkhezeredwa pamoto ndi munthu wosadziwa ntchito yake. Ngati kwanu kuli zikombole za agogo, zijambuleni pa pepala lalikulu ndi miyeso yake, zisanatayike.

Ndi mtengo uti woyenera boti?

Mlombwa, umene kuno amautcha mukwa, ndiye wokondedwa pa matabwa a m'mbali. Suphwa kwambiri ukauma, sufufuma kwambiri ukanyowa, ndipo mtima wake suola msanga. Koma mbali yake yoyera yakunja ndi chakudya cha tizilombo tofumbwitsa. Thabwa la mlombwa lokhala ndi mzere woyera m'mphepete lichekedwe mpaka woyerawo uthe, ngakhale lichepe.

Mbawa ndi yopepukirapo, imasemeka bwino, ndipo imapereka matabwa aatali ndi otambalala. Imafuna penti yosamalidwa. Pa msana ndi pa mphuno pamafunika mtengo wolimba ndi wolemera monga muwanga. Mkungudza wa ku Mulanje unkakhoma maboti abwino kwambiri kale, chifukwa suola ndipo chiswe sichiufuna, koma watsala pang'ono kutheratu ndipo kuudula n'koletsedwa. Wina akakutsatsani matabwa a mkungudza, akaneni.

Masiku ano ambiri akukhoma ndi bulugamu ndi paini. Bulugamu wokhwima ndi wolimba ndithu, koma amang'aluka ndi kupotoka pouma, ndipo msomali sulowa popanda kuboola kaye. Paini amaola msanga m'madzi opanda mchere ngati sanalowetsedwe mankhwala. Boti la paini wamba lingakhale lotchipa pogula, koma mwini amayamba kusintha matabwa a pansi pasanathe nyengo zambiri.

Nthiti zabwino zimachokera ku nthambi zokhota zokha, chifukwa mitsempha ya mtengo imatsata kupindikako. Nthiti yochekedwa mokhota kuchokera pa thabwa lowongoka imathyoka pangodya, pomwe mitsempha yadulidwa.

Matabwa aume nthawi yaitali bwanji?

Thabwa lochindikala mamilimita 25 limafuna miyezi itatu kufikira isanu ndi umodzi m'nyengo yopanda mvula. La msana, lochindikala mamilimita 75 kapena 100, limafuna yoposa pamenepo. Asanjidwe pamthunzi podutsa mphepo, masentimita 40 kuchoka pansi, ndi timitengo topingasa pakati pa thabwa ndi thabwa pa masentimita 50 kapena 60 alionse, timitengoto tili pamzere umodzi kuchokera pansi mpaka pamwamba. Kumapeto kwa matabwa kupakidwe penti kapena phula, chifukwa kumeneko madzi amatuluka mofulumira ndipo mng'alu umayambira komweko. Pamwamba pa mulu paikidwe miyala.

Thabwa laliwisi la masentimita 20 m'lifupi likhoza kuphwa ndi mamilimita 5 kapena kuposa. Mukalikhoma laliwisi, mpata umenewo udzaoneka pa mzere uliwonse, thonje lidzagwa, ndipo misomali idzang'amba thabwa pamene likudzikoka. Vuto la maboti ambiri odontha linayambira pa changu cha mwini, osati pa dzanja la mmisiri.

Boti la mamita 7 kapena 8 limakhomedwa motsata ndondomeko yanji?

Msana umagonekedwa pa zitsa zokhazikika, n'kuwongoledwa ndi chingwe chokokedwa kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Ukakhota ndi sentimita imodzi yokha, botilo lidzakhala likukokera mbali imodzi. Mphuno ndi thabwa lakumbuyo zimalumikizidwa kumsana ndi mabawuti a mamilimita 10 kapena 12, ndi chigwiriro chokhota pangodya iliyonse. Polumikiza ponse papakidwe phula kapena penti yokhuthala zisanamangidwe, popeza malo obisikawo ndi amene burashi sidzafikakonso.

Kenako zikombole ndi nthiti. Nthiti zimatalikirana masentimita 30 kufikira 40. Pansi pa nthiti iliyonse, pafupi ndi msana, pasemedwe kampata kodutsa madzi kuti onse azitsetserekera pamalo amodzi pokapira. Amisiri ena amaiwala timipata timeneti, ndipo madzi amakhala m'zigawozigawo n'kuoletsa nthiti kuyambira pansi.

Matabwa, a mamilimita 20 kufikira 25, amakhomedwa mosinthana, limodzi kumanja, lina kumanzere. Mukamaliza mbali imodzi yonse, mphamvu ya matabwa opindidwawo imapotola boti. Thabwa lokana kupindika lifewetsedwe ndi nthunzi kapena madzi owira, pafupifupi ola limodzi pa mamilimita 25 alionse a kuchindikala, ndipo limangidwe ndi makalampu lidakali lotentha. Pomwe matabwa awiri akumana m'litali, mfundo zisakhale pa nthiti imodzi m'mizere yoyandikana. Zitalikirane ndi nthiti zitatu.

Pomaliza mlomo wa boti, mipando yopingasa ndi zigwiriro zake. Mipandoyo si yokhalira chabe. Ndiyo imagwira mbali ziwiri kuti zisatambasuke kapena kupanikizika, ndipo mwini amene amaichotsa kuti ukonde wa chilimila ukwane bwino amakhala akumasula boti lake.

Msomali uliwonse sungagwire?

Ayi. Msomali wamba wa denga kapena wa mipando umachita dzimbiri, dzimbirilo limadya mtengo wouzungulira n'kusiya banga lakuda lofewa, ndipo tsiku lina thabwa limangotseguka pa mafunde. Pamafunika misomali yoviikidwa mu zinki wotentha, yooneka yotuwa ndi yokhakhala, osati yonyezimira. Ya kopa ndiyo yabwino koposa, koma isasakanizidwe ndi yachitsulo pamalo amodzi, chifukwa m'chinyezi kopa imafulumizitsa kudyeka kwa chitsulo.

Utali wa msomali ukhale kawiri ndi theka kapena katatu kuchindikala kwa thabwa: thabwa la mamilimita 25 limafuna msomali wa mamilimita 65 kapena 75. Paboledwe kaye kabowo kocheperako pang'ono kuposa msomali, mutu ulowetsedwe mkati ndi mamilimita 3, ndipo pamwamba pamatidwe. Ku Harare misomali ndi mabawuti otere amapezeka m'masitolo a zitsulo a ku Graniteside, Workington ndi Msasa mosavuta kuposa m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Pa zinthu zonse zimene wokhala kuno angatumize kumudzi pa basi yodzera ku Nyamapanda ndi Tete, zimenezi ndi zimene zimatalikitsa moyo wa boti.

Boti langa latsopano likulowa madzi. Mmisiri wandibera?

Mwina ayi. Boti la matabwa ouma limadontha masiku oyamba, mpaka matabwa afufume n'kupana thonje. Liikeni pamadzi osaya masiku atatu kufikira sabata, mukukapa m'mawa ndi madzulo. Madzi akamachepa tsiku ndi tsiku, zonse zili bwino. Akapanda kuchepa, funani pomwe akuchokera.

Kutseka mipata kuli ndi lamulo lake. M'mphepete mwa matabwa mumapalidwa mopendekeka pang'ono kuti mkati agundane, kunja kutsale mpata wa mamilimita 2 kapena 3. Mumpatamo mumapakidwa penti, thonje lopota n'kulowetsedwa ndi tchizulo chobuntha, kenako phula kapena pate (phala lomatira mipata) pamwamba. Thonje likachepa, madzi amadutsa. Likakhomeredwa mopitirira, matabwa pofufuma amasowa kopita, ndipo amazula misomali kapena kuthyola nthiti. Nsanza za nayiloni ndi masaka apulasitiki sizifufuma, choncho sizitseka.

Kudontha kwa pamzere wa msana kapena pangodya za thabwa lakumbuyo ndi kumene kuyenera kukudetsani nkhawa. Pamenepo botilo libwerere kwa mmisiri.

Injini yanji, ndipo n'chifukwa chiyani thabwa lakumbuyo limasweka?

Maboti ambiri a usipa ndi utaka amayenda ndi injini za mahatchi 15, ndipo aakulu onyamula anthu ndi katundu amafuna 25 kapena 40. Injini isankhidwe boti lisanakhomedwe, chifukwa kutalika kwa thabwa lakumbuyo kumatsata mwendo wa injini: masentimita 38 pa mwendo waufupi, 51 pa wautali. Thabwa likatalika, chopalasira chimamwa mpweya, injini imalira koma boti siliyenda, ndipo pampu ya madzi oziziritsa imauma. Likafupika, mwendo umamira kwambiri, mafuta amatha msanga, ndipo mafunde ochokera kumbuyo amalowa. Pa nyanja ya mwera, mwendo wautali ndiwo wabwino.

Thabwa lakumbuyo lichindikale mamilimita 40 kapena 50, likhale ndi zigwiriro zitatu, chimodzi kumsana, ziwiri kumlomo, ndi kachitsulo kapena kathabwa kolimba pomwe zomangira injini zimaluma. Limasweka chifukwa cha kunjenjemera kwa injini pa misomali yokha popanda mabawuti.

Pa injini zosakaniza petulo ndi oyilo, muyeso wofala ndi 50 kwa 1, kutanthauza mamililita 400 a oyilo pa malita 20 a petulo. Injini yatsopano imafuna oyilo wochulukirapo maola oyamba, monga buku lake linenera.

Ndili ku Dzivarasekwa, achimwene ndiwo akuyang'anira ntchito ku Salima. Ndilipire bwanji kuti ndisalire?

Musatumize ndalama yonse kamodzi, ngakhale mmisiri ali wachibale. Igaweni panayi: ya matabwa, ya pamene msana ndi nthiti zaima, ya pamene matabwa akhomedwa, ndi yomaliza boti litakhala sabata pamadzi. Pangano lilembedwe, ndi utali, m'lifupi, kuya, mtundu wa mtengo, kuchindikala kwa matabwa ndi mtundu wa misomali, ndipo amfumu kapena a komiti ya pagombe akhale mboni.

Achimwene anu atumize zithunzi pa WhatsApp penti isanapakidwe, pakuti penti imabisa mtengo woyera, mfundo ndi ming'alu. Pemphani chithunzi cha mulu wa matabwa ukuuma, cha tepi yoyezera itagona pakati pa nthiti ziwiri, cha m'mphepete mwa thabwa kuonetsa kuchindikala, ndi cha mabawuti a mphuno kuchokera mkati. Matabwa anu alembedwe dzina ndi penti kumapeto, kuti asalowe m'boti la munthu wina.

Boti lokha silipha nsomba. Chilimila chimafuna ukonde, zingwe, nyali, mabwato a siginala onyamula nyalizo ndi gulu la asodzi, ndipo mtengo wa zimenezi ndi injini nthawi zambiri umaposa wa boti. Ambiri amamaliza boti n'kupeza kuti thumba lauma, boti n'kukhala padzuwa chaka chathunthu likung'aluka.

Rigi ya matemba ya ku Kariba ndi chombo chotani?

Khoma la Kariba linatha mu 1959. Matemba a kapenta sanali a mu Zambezi. Anatengedwa ku Nyanja ya Tanganyika mu 1967 ndi 1968, anaswana, ndipo usodzi wake wamalonda unayamba m'zaka za m'ma 1970. Rigi inapangidwira nsomba imeneyi basi. Ndi matanki awiri aatali achitsulo, olumikizidwa ndi mipiringidzo, pamwamba pake pali pansi poyendapo ndi kadenga. Kumapeto kumodzi kuli mkono wachitsulo ndi winchi, zonyamula mkombero waukulu wa mamita 6 kapena 7 m'mimba mwake, umene ukonde wa maso ang'onoang'ono umalendewerapo ngati thumba.

Usiku ukonde umatsitsidwa, magetsi a pamwamba ndi a m'madzi amayatsidwa, ndipo nsomba zimasonkhana. Kenako a pamwamba amazimitsidwa kuti zonse zitsikire ku getsi la m'madzi lomwe lili pakamwa pa ukonde, ndipo ukonde umakwezedwa. Wodziwa kauni wa kwathu, usodzi wa usiku wokopa nsomba ndi nyali, sangadabwe nazo, nzeru yake ndi yomweyo. Mwezi ukawala kwambiri magetsi sakoka nsomba, ndipo masiku amenewo ndiwo okonza rigi. Makilogalamu atatu a matemba aawisi amatulutsa pafupifupi kilogalamu imodzi ya ouma, amene timagula ku Mbare Musika.

Ndingadziwe bwanji kuti matanki anyamula katundu yense?

Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo chombo chimanyamula kulemera kofanana ndi madzi amene chakankha. Thanki yozungulira ya mita imodzi m'mimba mwake ndi mamita 8 m'litali ili ndi malo a malita pafupifupi 6,280. Koma thanki yozungulira isamire kupitirira theka, chifukwa kupyola pamenepo imayamba kuchepa m'lifupi, ndipo katundu wochepa wowonjezera amaimiza kwambiri. Ndiye matanki awiri otere anyamule makilogalamu osaposa 6,280 onse pamodzi.

Pamenepo chotsani kulemera kwa rigi yeniyeniyo. Chitsulo cha mamilimita 3 chimalemera makilogalamu 23.5 pa sikweya mita, cha mamilimita 4 makilogalamu 31.4. Khungu la thanki imodzi ndi masikweya mita 25, ndiye pa mamilimita 3 ndi makilogalamu pafupifupi 590, osawerengera zitseko za kumapeto ndi makoma a mkati. Onjezani mipiringidzo, denga, injini, jenereta, winchi, dizilo, mchere, anthu ndi nsomba. Kumbukiraninso kuti ukonde wonyowa wodzaza umakoka kumapeto kwa mkono, kunja kwa matanki, ndipo umamiza mbali imeneyo. Injini ndi mafuta zikhale mbali inayo.

Thanki iliyonse igawidwe ndi makoma otseka pa mita imodzi ndi theka kapena mamita awiri alionse. Mu Kariba muli mitengo ya mopane imene inamizidwa chiimirire ndipo mpaka lero ndi yolimba. Thanki yopanda makoma ikabooka pamodzi imadzaza yonse, rigi n'kugudubuka.

Ndimayesa bwanji ngati mowotcherera mukudontha, chombo chili kutali ndi madzi?

Njira yotchipa ndi choko ndi palafini. Pakani choko chosungunula m'madzi kunja kwa mzere wowotcherera, chiume, kenako palafini mkati. Palafini amadutsa pa kabowo kamene madzi sangadutse msanga, ndipo pa choko pamaoneka banga. Thanki ikatsekedwa, ipopeni mpweya pang'ono n'kupaka madzi a sopo pamizere. Mpweyawo ukhale wochepa kwambiri. Lumikizani paipi yoonekera mkati yopindidwa ngati chilembo U, yokhala ndi madzi, ndipo kusiyana kwa madzi m'mbali ziwirizo kusafike mamita awiri. Kompresa yosayang'aniridwa imatha kuphulitsa chitseko cha thanki n'kupha munthu.

Musawotcherere thanki imene mwadutsa palafini, penti kapena mafuta musanaitsegule ndi kuipititsa mphepo. Ndipo chitsulo chopyapyala chisawotcheredwe mzere wautali kamodzi, chimapindika. Gwirizani kaye timadontho, kenako wotchererani masentimita 10 apa, 10 patali, mukudumphadumpha. Ndodo za 6013 zimakwana pa khungu. Pa mkono ndi pomangira winchi gwiritsani 7018, zosungidwa pouma, chifukwa zikamwa chinyezi zimasiya timabowo mkati mwa mzere.

Dzimbiri limayambira kuti?

Kawirikawiri mkati. Masana thanki imatentha, usiku imazizira, mame amagwa mkati n'kukhala pansi. Chigawo chilichonse chikhale ndi chivundikiro chotsekeka bwino choyang'anirapo ndi kupoperapo madzi. Kunja, chitsulo chatsopano chimabwera ndi khungu lakuda la kufakitale. Mukapaka penti pamwamba pake, khungulo limasuwuka pamodzi ndi pentiyo. Lichotsedwe ndi mchenga wopopera kapena gulainda, ndipo penti yoyamba ipakidwe tsiku lomwelo. Zitsulo zodyeka m'malo mwa thanki, zimene amamangirira pansi pa chombo, m'madzi opanda mchere zikhale za magineziyamu, chifukwa za zinki zimachita khungu n'kusiya kugwira ntchito. Waya wa magetsi wobwerera asadutsire m'thupi la rigi.

Rigi yopangidwa mu Harare imafika bwanji ku Kariba?

Monga Ilala, m'zidutswa. Ulendo ndi wa makilomita pafupifupi 365, kudzera ku Chinhoyi, Karoi ndi Makuti, ndipo kuchokera pa Makuti msewu umatsika mokhotakhota. Rigi yolumikiza kale imatambalala kuposa lole ndipo imafuna chilolezo cha katundu wopyola muyeso. N'kosavuta kunyamula matanki paokha ndi mipiringidzo paokha. Ilumikizeni yonse kaye pabwalo kuno, boolani mabowo a mabawuti zidutswa zili pamalo pake, yezani makona awiri opingasa kuti afanane, ikani nambala, kenako phwasulani. Pa lole matanki agone pa mitengo yosemedwa mozungulira, yoikidwa pomwe pali makoma a mkati, apo ayi unyolo umawafinya.

Bwanji osangogula la faiba, kapena kukuta la matabwa ndi faiba?

Boti la faiba siliola, ndi lopepuka, ndipo ndilo lachuluka pa Chivero ndi Manyame. Koma likadzaza madzi limamira ngati lilibe zigawo zotsekedwa kapena thovu louma mkati, pamene la matabwa nthawi zambiri limayandamabe. Kukokera pamiyala ndi pamchenga kumalidya pansi, choncho limafuna kachitsulo kotsata msana.

Pokonza, malo apalidwe mopendekeka ndipo aume kotheratu. Mankhwala oumitsa akhale mamililita 10 kufikira 20 pa kilogalamu ya utomoni, ochepa kukatentha, ochulukirapo m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi. Kilogalamu imodzi ya ulusi wagalasi imamwa makilogalamu awiri ndi theka a utomoni. Kukuta boti lakale la matabwa ndi faiba sitikulimbikitsa. Matabwa amafufuma ndi kuphwa, faiba siitero, ndiye imasiyana ndi thabwa, madzi amalowa pakati, ndipo kuola kumapitirira mosaoneka.

Pamafunika mapepala anji?

Ku Zimbabwe chombo chimalembetsedwa ndi kuyesedwa ndi ofesi yoona za maulendo a pamadzi ya unduna wa zamtengatenga, ndipo chilolezo chopha matemba chimachokera ku ZimParks. Chilolezocho chiyambe chapezeka chitsulo chisanagulidwe, chifukwa chiwerengero cha marigi chili ndi malire. Ku Malawi zida zophera nsomba zimadulidwa laisensi ku dipatimenti ya za usodzi, ndipo boti lonyamula anthu limayesedwa ndi dipatimenti ya Marine. Majekete oyandamitsa akhalemo okwanira munthu aliyense.

Boti likakhala miyezi osagwira ntchito, lisungidwe bwanji?

Madzi a mvula ndiwo amaoletsa boti kuposa a m'nyanja, chifukwa amakhala phee m'makona momwe mulinso mpweya ndi kutentha. Boti likokedwe, litsukidwe mamba ndi matope, matabwa oponda achotsedwe, ndipo likhale pa mitengo yopingasa masentimita 30 kuchoka pansi, kuti chiswe chikayamba kumanga njira chioneke. Pamwamba pakhale denga la udzu kapena mthunzi wodutsa mphepo. Pulasitiki yokulunga mothina imasunga chinyezi, ndipo dzuwa la Okutobala pa boti losaphimba limatsegula mizere yonse.

Musanalibwezere m'madzi, tengani nsonga ya mpeni mubaye pansi pa nthiti iliyonse, pamzere wa msana, pangodya za thabwa lakumbuyo ndi pansi pa mipando. Mtengo wabwino umakana mpeni. Pomwe walowa mosavuta, dulani mpaka mufike pa mtengo wolimba, muonjezere masentimita 15 mbali zonse, ndipo chigamba chikhale cha mtengo wa mtundu womwewo, wouma, chokhomedwa pa nthiti ziwiri kapena kuposa.